STROKER KAPENA STOCK: NDI INJINI ITI IMENE MUNGAKALAMBE NAYO?

Uthengawu ndi wautali. Usungeni, muwerenge mukatsika m'boti, mutakhala pansi.

Masiku ano nkhani ya stroker yatenga malo. Aliyense waonera mavidiyo a magalimoto a ku America akubangula ngati bingu, ndi ma BMW a ku Soweto akuzungulira mpaka matayala kufuka utsi. Ndiye funso limene ndikulandira pafupipafupi ndi limodzi: kodi injini ya stroker imakhalitsa ngati ya stock, ija galimoto inabadwa nayo? Ena akuti stroker ndi bomba, miyezi ingapo yaphulika. Ena akuti ayi, ili ndi mphamvu zambiri ndiye siivutika, imakhalitsa kuposa ya stock. Funsoli si lamacheza chabe. Pali anzathu amene akhetsa thukuta zaka zitatu ku Joni, ena asunga ndalama ya usipa ya nyengo yonse, ndipo akuganiza zoiponya m'kati mwa injini.

Ine ntchito yanga ndi injini za maboti, koma pistoni ndi pistoni basi, kaya ili panyanja kaya pamsewu. Maganizo anga ndiwanene poyambirira pomwe, kuti olo mutope panjira mukhale mutawamva. Stroke yaitali payokha siipha injini. Chimapha stroker ndi dzanja la amene anaimanga, phazi la amene akuiyendetsa, ndi mafuta amene ikumwa. Zitatu zimenezi kuno kwathu n'zovuta kuzipeza zonse zili bwino nthawi imodzi. Choncho galimoto imene imakudyetsani isiyeni ndi injini imene inabwera nayo.

*Stroker ndi chiyani kwenikweni*

Tichotse kaye chisokonezo. Stroker si two-stroke. Two-stroke ndi Enduro yathu ija timasakaniza oyilo m'petulo. Stroker ndi nkhani ina.

M'kati mwa injini pistoni imakwera ndi kutsika m'silinda. Kukula kwa bowo la silinda ndiye bore. Mtunda umene pistoni imayenda kuchokera pamwamba kufika pansi ndiye stroke. Ma cc amene timanyadira aja amachokera pa ziwirizi ndi kuchuluka kwa masilinda. Ukafuna ma cc ambiri m'buloko yomweyo, njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kukulitsa bowo, koma apa sungapite patali chifukwa khoma la silinda limapyapyala. Yachiwiri ndi kuchotsa crankshaft imene inalimo n'kuikamo ina ya chigongono chachitali, kuti pistoni izitsika pansi kwambiri. Injini yotere ndiyo stroker.

Phindu lake mumalidziwa kale inu ogwira sipanala. Nati ikakana, mumavalika paipi pachogwirira kuti chitalike, nati ija imamasuka. Crankshaft ya chigongono chachitali imachita chimodzimodzi, komanso silinda imameza mpweya ndi petulo wochuluka. Zotsatira zake ndi torque, mphamvu yokoka ija mumaimva pamsana galimoto ikamanyamuka, ndipo imabwera injini isanakuwe n'komwe.

Kwawo kwenikweni kwa masewerawa ndi ku America. Stroker yotchuka koposa ndi 383 ya Chevrolet. Anyamata a kumeneko anatenga buloko ya V8 yotchedwa 350, ya malita 5.7, imene stroke yake ndi mainchi 3.48, n'kuikamo crankshaft ya injini ya 400 ya m'zaka za m'ma 1970, imene stroke yake ndi mainchi 3.75. Atakulitsanso bowo pang'ono, inatuluka injini ya malita 6.3. A Ford nawo ali ndi yawo: 302 ya stroke ya mainchi 3.00 amaisandutsa 347 ya stroke ya mainchi 3.40.

Inu a ku Joni mwaiona ndi maso. Gusheshe yeniyeni, BMW 325iS imene inatuluka ku South Africa mu 1990, ndi stroker. Injini ya 325i wamba ndi ya malita 2.5, bore mamilimita 84, stroke 75. Ya 325iS bore ndi yomweyo koma stroke ndi 81, n'chifukwa chake ndi ya malita 2.7. Anaipangira mpikisano wa magalimoto, ndipo mpaka lero anyamata a spinning amatsanzira pomanga ma 2.7 awo.

*Zimene zimasintha m'kati ukatalikitsa stroke*

Ukasintha crankshaft sunasinthe chinthu chimodzi. Wagwedeza banja lonse.

Choyamba, pistoni imathamanga kwambiri. Crankshaft ikazungulira kamodzi, pistoni iyenera kutsika ndi kukwera mtunda wautali m'nthawi yomweyo. Pa rpm 5,000 pistoni ya 350 imayenda pafupifupi mamita 14.7 pa sekondi, ya 383 mamita 15.9. Maring'i akukhula khoma mtunda wautaliko, ndipo konirodi ikuimitsa ndi kubweza pistoni yothamanga kuposa kale.

Chachiwiri, konirodi imapendekeka kwambiri. Buloko sinatalike, ndiye konirodi ikutsatira chigongono chachitali ili m'nyumba yakale yomweyo. Ikapendekeka imakankhira pistoni kukhoma la silinda. Taganizani mukukankha bwato ndi mponda mutaupendeketsa: mphamvu ina ikupita kutsogolo, ina ikupita cham'mbali. Ya cham'mbaliyo ndiyo imadya siketi ya pistoni ndi khoma.

Chachitatu, pistoni imafupika. Kuti isatulukire pamwamba n'kumenya hedi, amapanga pistoni ina imene pini yake yakwezedwa m'mwamba. Pa 347 ya Ford yokhala ndi konirodi ya mainchi 5.4, bowo la pini limakafika mumzere wa ring'i ya oyilo, moti pamafunika kachitsulo kena kochirikiza ring'iyo. N'chifukwa chake ena amasankha 331, ya stroke yocheperako, kuti apewe zimenezi. Pistoni yaifupi imagwederanso mosavuta m'silinda, ndipo ikayamba kugwedera injini imayamba kumwa oyilo.

Chachinayi, malo amachepa. Mabawuti a konirodi amafuna kugunda pansi pa masilinda, nthawi zina ngakhale camshaft. Mmisiri amayenera kupala buloko kuti zidutsane. Akapala pang'ono zimagundana injini ikatentha. Akapitirira muyeso aboola njira ya madzi, buloko yatha pomwepo.

Chachisanu, kulemera kuyenera kulinganizidwa mwatsopano, kumene amati balancing. Crankshaft ya 400 ija ku fakitale inkalinganizidwa pamodzi ndi flywheel yake ndi damper yake yakutsogolo. Munthu akaiika m'buloko ya 350 n'kusiya flywheel yakale, injini imanjenjemera, ndipo kunjenjemerako kumatafuna mabering'i pang'onopang'ono mpaka tsiku limene mudzamve kugogoda.

Chachisanu ndi chimodzi, compression imakwera. Silinda ikumeza mpweya wochuluka koma kachipinda kam'hedi kamene mpweyawo ukupanikizidwira n'komweko. Injini imene inali pa 9 ikhoza kufika pafupi ndi 10 ngati sunasankhe pistoni yoyenera. Pamenepo ikufuna petulo wabwino ndi timing yolondola. Ikapanda kuzipeza imalira ngati timiyala m'chitini ukaponda pachitunda, ndipo kulirako ndi moto wophulika nthawi yolakwika umene umaswa mizere ya maring'i ndi kuboola pistoni. Ngati galimoto ndi ya kompyuta, kompyutayo iyeneranso kuphunzitsidwa kuti injini yakula, apo ayi izipereka petulo wa injini yakale.

Pomaliza, mphamvu yoonjezerayo siithera m'injini. Imadutsa m'kilachi, m'giyabokosi, mpaka kudifu, ndipo zonsezi anazipangira injini yaing'ono ija. Redieta nayo anaiyezera kutentha kwakale. Walira mvula walira matope, amwene.

*Koma stroke yaitali si mfiti*

Mukawerenga zapamwambazi mwina mwagamula kale kuti stroker ndi bomba. Dikirani kaye, masamu akunena zina.

Mphamvu imene imakoka konirodi pistoni ikamabwerera pamwamba imadalira zinthu ziwiri, stroke ndi rpm, koma sizilemera mofanana. Stroke ukaionjezera ndi 8 peresenti, ngati mmene zilili kuchoka pa 350 kupita pa 383, mphamvuyo imakwera ndi pafupifupi 8 peresenti yomweyo. Koma rpm imadzichulukitsa yokha. Kuchoka pa 5,000 kupita pa 6,000 mphamvu ija imakwera ndi 44 peresenti. Mwaona? Phazi la dalaivala ndi loopsa kasanu kuposa crankshaft.

Umboni uli pa siteji yathu yomwe ino. Probox ndi Sienta zambiri zimene zimanyamula anthu ndi mabasiketi a nsomba zili ndi injini ya 1NZ, ya malita 1.5. Mng'ono wake ndi 2NZ ya malita 1.3 imene ili m'ma Vitz ndi ma IST ena. Bore ya zonse ziwiri ndi mamilimita 75. Kusiyana kuli pa stroke: 2NZ ili ndi 73.5, 1NZ ili ndi 84.7. Kunena kwina, 1NZ ndi 2NZ ya stroke yaitali. Nanga ndani angaime pano n'kunena kuti Probox siikhalitsa? Chimodzimodzi 7A ya malita 1.8 ya m'ma Carina ndi ma Corolla akale: bore yake ndi 81 ngati 4A ya malita 1.6, koma stroke inachoka pa 77 kufika pa 85.5.

Tipite pamadzi. Sitima zikuluzikulu zonyamula makontena panyanja yamchere zimayendera injini za stroke yaitali modabwitsa. Emma Maersk, imene inayamba ntchito mu 2006, ili ndi injini ya Wärtsilä ya bore ya masentimita 96 ndi stroke ya mamita 2.5. Munthu akhoza kulowa m'silinda n'kuimirira. Koma imazungulira ka 102 kokha pa mphindi, moti pistoni yake imayenda mamita 8.5 pa sekondi. Probox ikamayenda modekha pa rpm 2,500, pistoni yake ili pa mamita 7. Injini ziwirizi, chimphona ndi kamwana, zikukhalitsa pa chifukwa chimodzi: palibe akuzikuwitsa.

Ngakhale 383 yomweyo makampani anaitengera. General Motors imagulitsa HT383 yomangamanga, yopangira magalimoto okoka katundu. Mercury, ya injini za maboti, yakhala ikugulitsa 383 MAG Stroker. Ndipo inu mukudziwa kuti palibe ntchito yozunza injini ngati ya m'boti. Galimoto imapuma pamtsetse, imapuma pamalo athyathyathya. Ya m'boti imakhala ngati ikukwera Khwekhwerere wopanda mapeto, kuchokera pagombe mpaka pamalo oponyera chilimira. Ngati stroker ikutha kupirira ntchito imeneyo, ndiye vuto silili pa stroke.

*Ndiye stock imaposa pati*

Taonani zimene Toyota anachita popanga 7A. Sanangoponya crankshaft yaitali m'buloko ya 4A. Anapanga buloko yotalikirapo ndi makonirodi ataliatali kuti kupendekeka kuja kusakule. Pa 1NZ anasunthira crankshaft cham'mbali pang'ono, kuti moto ukamakankha pistoni pansi konirodi ikhale yoongokerapo ndipo khoma lisadyeke. Apa ndiye pagona nkhani. Fakitale ikatalikitsa stroke imakonzanso nyumba yonse: buloko, njira za oyilo, njira za madzi, kilachi, giyabokosi, kompyuta. Kenako imayesa injiniyo nthawi yaitali, pamoto ndi pozizira, isanaigulitse kwa munthu.

Chachiwiri, fakitale imasiya mpata. Injini ya stock sanaipange kuti itulutse mphamvu yonse imene chitsulocho chingathe. Anaibweza dala, podziwa kuti ikakumana ndi dalaivala woiwala kusintha oyilo, petulo wokaikitsa, fumbi, ndi katundu wopitirira muyeso. Mpata umenewo ndiwo umatipulumutsa ife. Sienta ya anthu 7 ikanyamula 12 ndi matumba a usipa pamwamba n'kukafikabe ku Golomoti, ndi mpata uja ukugwira ntchito. Womanga stroker amatenga mpatawo n'kuusandutsa mphamvu. Palibe cholakwika, koma dziwani kuti mwaudya. Tsiku limene redieta idzatsekeke pang'ono, kapena mudzathire petulo wa m'chigubu nthawi ya mizere pa filling station, palibenso chokutetezani.

Chachitatu, ndipo kwa ife n'chachikulu, masipeyala. Injini iliyonse tsiku lina imadwala, ya stock yomwe. Funso ndi lakuti ikadwala imagona masiku angati. Maring'i, mabering'i ndi gasiketi ya 1NZ mukazipeza ku Limbe, ku Ndirande, ku Malangalanga, mwinanso pa Mangochi boma pomwepa. Zikavutitsitsa mugula injini ina yathunthu yochokera ku Japan, mawa lake galimoto ili pamsewu. Makaniko aliyense wa pansi pa mtengo wa mango amaidziwa. Koma pistoni imodzi ya stroker ikasweka, ija ya pini yokwezedwa ija, muiitanitsa kunja, mudikire, mulipire ndi ndalama yakunja imene ikusowa kale. Ndipo makaniko wachiwiri akadzaitsegula sadzadziwa kuti woyamba anaikamo chiyani, anapala pati, anasiya mpata wanji. Buku la fakitale silikugwiranso ntchito pa injini imeneyo. Kukhalitsa kwa injini sikuyezedwa ndi tsiku limene yafa lokha. Kumayezedwanso ndi masiku amene yagona pagalaja uku ana akudikira ndiwo.

Chachinayi ndi zida. Stroker imafuna kuyeza mipata yochepa kuposa tsitsi, kulinganiza crankshaft pa makina, ndi malo aukhondo omangira. Kunyanja kuno timamangira injini pamchenga, mphepo ya mwera ikuomba. Enduro imatikhululukira chifukwa anaipangira malo ngati amenewa. Injini yodyedwa mpata siikhululuka, kamchenga kamodzi m'bering'i n'kokwanira.

*Zimene injini za maboti zandiphunzitsa*

Injini zimene anthu amabwera nazo pagombe pano zitauma, sindinaonepo imene inafa chifukwa cha muyeso wa stroke. Zimafa ndi impela ya pampu ya madzi imene yatha koma mwini wake akuti tipitebe ulendo umodzi. Zimafa ndi oyilo wochepa m'petulo, chifukwa wina anafuna kupulumutsa kabotolo kamodzi. Zimafa ndi madzi m'thanki. Ndipo zambiri zimafa ndi pulopela yolakwika.

Ya pulopelayi imvetseni chifukwa ikufanana ndi nkhani yathu. Enduro 40 anaipanga kuti ukatsegula moto wonse izizungulira pakati pa rpm 4,500 ndi 5,500. Bwana wina wa zilimira, pofuna kuti boti lake lizifika pa usipa anzake asanafike, anaikitsa pulopela ya pitch yaikulu pa boti lodzaza alovi ndi ukonde wonyowa. Injini inkalephera kufika pa rpm yake, inkangobuula. Kwa masabata angapo ankanyada kuti ikulira mwaulemu ngati galimoto yaikulu. Itabwera kwa ine mutu wa pistoni unali utadyeka, maring'i atamatirira ndi mwaye. Sanasinthe chilichonse m'kati mwa injini, anangoichotsa pamalo pamene opanga anaiyezera. Ndipo inaima mwezi wa mdima, nthawi imene kauni amapha, alovi khumi ali pagombe manja m'thumba.

Phunziro lake ndi lakuti injini imakhala ndi moyo ikamagwira ntchito m'kati mwa malire amene zida zake zonse zinagwirizana. Ya stock malirewo anakulemberani kale. Ya stroker muyenera kuwapeza nokha, ndipo sukulu yake fizi ndi pistoni.

*Anzanga okonda stroker akuti chiyani*

Ndisawapondereze, ali ndi mfundo. Akuti stroker ili ndi torque pansi, ndiye sufunika kuikuwitsa. Ukhoza kuyenda pa giya yapamwamba, rpm ili pansi, injini ikupuma. Zoona zimenezo, ndipo n'chifukwa chake HT383 ija ilipo. Stroker yofatsa, ya compression yabwinobwino, yomangidwa ndi munthu woyeza chilichonse, yoyendetsedwa ndi munthu wamkulu m'mutu, ikhoza kutumikira zaka zambiri popanda kutsegulidwa. Koma tinene chilungamo, magaye. Ndani mwa ife angalipire ndalama yonseyo kuti aziyenda ngati akupita kumaliro? Munthu amamanga stroker kuti aiponde. Onani spinning: injini ili pa rpm yomalizira, galimoto ikungozungulira pamalo amodzi, mphepo yolowa m'redieta ndi yochepa. Eni ake amadziwa kuti kutsegula injini ndi gawo la masewerawo. Pavidiyo amakuonetsani utsi wa matayala, sakuonetsani Lolemba lake ku galaja.

Akutinso zida za stroker ndi forged, zitsulo zosulidwa zolimba kuposa za fakitale. Zoonanso, pa zida zabwino. Koma kulimba ndi kukhalitsa ndi zinthu ziwiri. Mapistoni ena a forged a mpikisano amafufuma kwambiri akatentha, ndiye amawasiyira mpata waukulu m'silinda. Injini ikakhala yozizira amagogoda kukhoma mpaka itenthe. Pa mpikisano palibe vuto, amaitenthetsa kaye. Koma pa galimoto ya maulendo afupiafupi, kulira ndi kuzima kakhumi patsiku, pistoni yolimba ija ikhoza kudya silinda msanga kuposa ya fakitale. Inapangidwa kuti isasweke pa moto waukulu, osati kuti ifike makilomita ambirimbiri ili chete. Komanso si kiti iliyonse yolembedwa forged pa intaneti imene miyeso yake ili yolondola.

Mfundo ina imene anthu amaiiwala ndi yakuti stroker zambiri zimamangidwa pa buloko yakale. 350 ndi 302 ndi injini za makolo, BMW E30 nayo yadutsa zaka 30. Mukuika mtima wa mnyamata m'thupi la agogo. Ndiye mukamva kuti stroker ya uje inafa msanga, mwina si crankshaft, mwina bulokoyo inali ndi mng'alu kale. Mukamvanso kuti ya uje yatha zaka khumi, funsani kuti imayenda masiku angati pa mwezi. Galimoto yotuluka Loweruka lokha ndi minibasi ya Mangochi mpaka Limbe tsiku ndi tsiku sizingayezedwe ndi kalendala imodzi.

*Ndiye tichite chiyani*

Ngati galimoto yanu ndi khasu lanu, yonyamula anthu, nsomba kapena ayezi, musaigwire m'mimba. Mphamvu imene mukuisowa nthawi zambiri ilimo kale, yangobisika ndi fyuluta ya mpweya yodzaza fumbi, mapulagi otha, ma injector akuda ndi mabuleki ogwira. Konzani zimenezo, sinthani oyilo pa nthawi yake, tsukani redieta, muthiremo coolant osati madzi a m'nyanja. Ndalama ya kiti ya stroker ikhoza kugula matayala, oyilo wa zaka zingapo, n'kutsalanso ya ukonde.

Ngati ma cc akuchepadi pa ntchito yanu, gulani stroke yaitali imene fakitale inamanga kale. Muli ndi 1.3, pezani galimoto ya 1.5. Mukasankha kusintha injini yathunthu, tengani ya banja lomwelo pamodzi ndi kompyuta yake ndi mawaya ake, ndipo mukakonzetse mapepala ku Road Traffic chifukwa nambala ya injini yasintha. Boti nalonso chimodzimodzi: 15 ikachepa, sungirani 40, osati kuzunza 15 kuti ichite ntchito ya mkulu wake.

Koma ngati muli ndi galimoto yachiwiri, yamasewera, ndipo ndalama yake olo itapsa ana sagona ndi njala, mangani stroker yanu, ine ndidzabwera kudzaimvera kulira. Musanapereke ndalama, mufunseni mmisiriyo mafunso awa:

1. Wamangapo zingati za mtundu umenewu, ndipo zili kuti lero? Mukaonane ndi eni ake.
2. Balancing akachitira kuti, ndipo flywheel ndi damper zipita nawo?
3. Compression ifika pa zingati, ndipo igwirizana ndi petulo wa pa pampu?
4. Mipata ya mabering'i, mapistoni ndi maring'i ayeza ndi chiyani? Akulembereni manambala ake papepala, musunge ngati bulubuku.
5. Redieta, kilachi ndi giyabokosi achita nazo chiyani?
6. Rpm yomalizira aiika pa zingati? Ikhale yotsikirapo kuposa ya stock, osati yokwererapo.
7. Pistoni imodzi ikasweka, ina ichokera kuti ndipo itenga masabata angati?

Akayamba kukwiya kapena kuyankha kuti "musadandaule bwana, timapanga daily", nyamulani buloko yanu muzipita. Mmisiri weniweni mafunso amenewa amawakonda, chifukwa ndi omwe amadzifunsa yekha usiku.

Choncho pa funso lija, yankho langa ndi ili. Mutatenga stroker yomangidwa bwino kwambiri ndi stock yosamalidwa bwino, n'kuziyendetsa mofanana, kusiyana kwa moyo wake sikungakhale kwakukulu monga anthu amaopsezera. Koma mutatenga stroker wamba, yomangidwa ndi zida zimene zapezeka, yomwa petulo amene wapezeka, yoyendetsedwa ndi mnyamata wofuna anthu amuone, stock idzaiika m'manda n'kubwerera ku siteji kukanyamula anthu. Ife timakhala m'dziko lachiwirilo.

Tumizirani mnzanu amene wayamba kufunsa mitengo ya makiti, makamaka wa ku Joni amene akubwera ndi galimoto December. Amene akutsutsa abwere ndi manambala, tikambirane. Ndipo inu eni maboti, mwera usanayambe bweretsani injini tione impela, musadikire kuti ikaume pakati pa nyanja usiku.

Wanu makaniko wa pagombe.